Mabotolo atatu ochokera ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Akuti mkamwini wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawabweretsera mabotolo atatu: wisiki wa ku Scotland wolembedwa 12, vinyo wofiira ndi shampeni. Iwo anakulira masese, ndiye mabotolowo angowaika m'kabati ya pabalaza. Akufunsa kuti: "Kodi ndisunge mpaka ukwati wa mwana wanga wotsiriza chaka chamawa, poti amati mowa wa azungu ukakhalitsa ndiye umakoma? Nanga ndizimwa bwanji kuti anthu asandiseke?"

Bambo, zikomo polemba. Ndiyambe ndi za kusekedwazo, chifukwa ndi zimene zandikhudza. Munthu amene amangonunkhiza chipanda n'kudziwa ngati mowa wapsa kapena udakali thobwa, ali kale ndi mphuno ndi lilime zofunika. Chimene mukusowa ndi kungodziwa mphamvu ya chilichonse, basi.

Wisikiyo sungani mosadandaula, koma musayembekezere kuti awonjezera kukoma. Nambala 12 ikutanthauza kuti wisiki wamng'ono kwambiri m'botolomo anakhala zaka 12 mumgolo wamtengo wa oak, ndipo mtundu wake ndi fungo lake zimachokera kwambiri ku mtengowo. Lamulo la ku Scotland limati asachepere zaka 3 mumgolo. Akangolowa m'botolo, kukhwima kwathera pomwepo. Liimikeni chilili, kutali ndi dzuwa.

Pomwe ndikukuchenjezani ndi pa mphamvu. Wisiki sachepera 40 peresenti, pamene mowa wa Carlsberg Green uli pafupifupi 5. Tambula ya 300 ml yodzaza wisiki ikufanana ndi mabotolo 7 a Green, ndiye uyu si wozunguza ngati chipanda cha pabwalo. Ine ndimathira muyezo wa zala ziwiri, n'kudonthezamo madzi pang'ono kuti fungo lituluke. Kuno ku Dedza mwezi wa June, nkhungu ikaphimba phiri, ndimakhala pafupi ndi mbaula, mtedza wokazinga uli m'mbale, ndipo kapu imodziyo imanditengera ola lathunthu. Madzi oundana sindiikamo, kuno kumazizira kale. Ena amasakaniza ndi Coke, ndipo palibe mlandu. Ndingokupemphani kuti kapu yoyamba mulawe wopanda zotsekemera, mumve chimene mkamwini wanu anatayira ndalama.

Ndipo poti ku Tsangano kumazizira ngati kuno, musakhulupirire zoti wisiki amachotsa chisanu. Amangotsegula mitsempha ya pakhungu, iwe n'kumamva kutentha pamene thupi likutaya kutenthako. Munthu woyenda usiku atamwa ndiye amazizidwa koposa.

Vinyo ndi amene musachedwe naye. Vinyo wambiri wa m'masitolo amapangidwa kuti amwedwe posachedwa, ndipo kutentha ndi kuwala zimamuwononga. Izi ndinaziphunzira mowawa. Malume anga anandipatsa botolo la vinyo wofiira nditayamba ntchito, ine n'kuliika pamwamba pa kabati pafupi ndi zenera, nyumba yamalata yopanda siling'i, ndikumati ndidzatsegula limodzi nawo tsiku lalikulu. Panadutsa zaka zitatu. Malumewo anatisiya. Tsiku lomwe ndinatsegula, vinyoyo anali atasanduka wabulauni, akununkha ngati viniga, ndipo ndinakamukhuthulira kuseri kwa nyumba misozi ili m'maso. Mpaka lero ndimadandaula kuti bwenzi titangomwa Lamlungu lomwelo, iwo akadali moyo.

Onani pa pepala la botolo lanu. Ngati palembedwa Pinotage, imeneyo ndi mphesa ya ku South Africa komweko, inabadwira ku Stellenbosch mu 1925, ndipo imayenda bwino ndi nyama ya mbuzi yootcha ndi kachewere wa kwanu. Poyamba mudzamva kukhakhala pa lilime, ngati mwaluma nthochi yosapsa. Mukadyera nyama yamafuta kukhakhalako kumachepa. Mukatsegula, malizani m'masiku atatu.

Shampeni ndiye angadikire ukwatiwo, mukamuika pamalo ozizira ndi amdima, osati m'kabati ya pabalaza ija. Dzina loti Champagne ndi la dera lina la ku France, ndipo vinyo wochokera kumeneko yekha ndi amene amaloledwa kulitenga. Ngati palembedwa Cap Classique, ndi wa ku South Africa wopangidwa mwa njira yomweyo: amawira kachiwiri ali m'botolo lotseka, mpweya n'kutsekeredwa momwemo. Mpweyawo umakankha koposa kawiri wa m'tayala la galimoto, ndiye chitsekerocho chikhoza kuphulitsa diso la munthu. Muziziritseni kaye, ngakhale m'ndowa ya madzi oundana. Potsegula gwirani chitsekero mwamphamvu, muzipotoza botolo pang'onopang'ono, litaloza kopanda anthu. Zomukhutchumula kuti athovokere akwati zija, ine zimandipweteka mtima, theka limathera pansi.

Mawu akuti Brut akutanthauza wosatsekemera. Ndaona amayi ambiri pa maukwati akulawa n'kukwinya nkhope, poti amayembekezera kukoma kwa Sobo. Wotsekemerako amalembedwa Demi-Sec. Komanso botolo la 750 ml limangokwana makapu ang'onoang'ono 6, ndiye la pa perekaniperekani si limeneli. Ndikanakhala inu ndikanasungira akwati ndi ankhoswe madzulo, khamu litabalalika, pamene enawo akukhuta masese a ku Ntcheu omwe amawadziwa bwino.

Koma vinyo uja, ngati mkamwini wanu sanabwerere ku Joni, muitaneni Loweruka lino. Gulani mwendo wa mbuzi, mayi akazinge kachewere, mutsegule iye ali pomwepo.