Pampu ya m'basement ikamalira usiku, musaizule pamagetsi

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mishawaka, amene angogula kumene nyumba yawo yoyamba kuno ku Indiana, m'dziko la America. Akuti sump pump, pampu yochotsa madzi m'basement mwawo (chipinda cha pansi pa nyumba), imalira pakangopita mphindi zochepa ngakhale kunja kuli kouma, ikamaima paipi imagunda mwamphamvu, ndipo amuna awo atopa nalo phokosolo moti akufuna kuti aziizula pamagetsi usiku n'kumaibwezera mvula ikayamba. Akufunsa ngati pali choipa chilichonse pochita zimenezo.

Mayi, choipa chilipo, ndipo n'chachikulu. Ambiri mwa ife Amalawi tinakulira m'nyumba zimene maziko ake safika patali, ndipo madzi a mvula tinkawadziwa ngati chinthu chochokera kudenga kapena kulowera pakhomo. Kuno nthaka imaundana m'nyengo yozizira kufika pafupifupi mita imodzi kupita pansi, choncho omanga nyumba amayenera kukumba maziko kupyola pamenepo, ndipo akakumba chomwecho amangoona kuti ndi bwino dzenjelo likhale chipinda. Chipinda chimenecho chazunguliridwa ndi dothi lonyowa mbali zonse. M'mphepete mwa maziko amayalamo paipi yobowolabowola imene imasonkhanitsa madzi a m'nthaka n'kuwatsogolera ku dzenje laling'ono lokumbidwa pansi pa simenti, lalikulu ngati mainchesi 18 m'mimba mwake ndi mafiti awiri kuya kwake. Pampu imakhala m'dzenjemo. Madzi akakwera amanyamula kachipangizo koyandama kotchedwa float, float imayatsa injini, injini imakankhira madzi m'paipi yokwera kukatulukira kunja. Kutanthauza kuti nyumba yanu inamangidwa mwadala kuti iziitana madzi kuti abwere pamalo amodzi, podalira kuti pamalopo pali chowachotsa. Mukachizula pamagetsi, madziwo sasiya kubwera.

Ine ndinaziona izi mu February 2018. Amene analipo ku South Bend, ku Elkhart ndi ku Goshen akukumbukira sabata imeneyo, pamene mvula yamphamvu inagwa masiku otsatizana pamwamba pa sinowo wosungunuka, nthaka ikadali youndana moti sinkatha kumwa madzi. Mtsinje wa St. Joseph unakwera kufika mafiti 12.7 ku South Bend, mlingo umene unali usanalembedwepo, ndipo izi zinachitika patangotha chaka ndi theka kuchokera pamene mvula ya mu August 2016 inathira pafupifupi mainchesi 8 tsiku limodzi. Nyumba yathu ili kutali ndi mtsinje, pamalo oti palibe angaganize za kusefukira kwa madzi. Amene anatigulitsa anali mmodzi mwa anthu ogula nyumba zakale n'kuzikongoletsa mwachangu kuti azigulitse. Basement anaiyala kapeti, anaikhoma makoma oyera, ndipo dzenje la pampu analitsekera kuseri kwa khoma, n'kusiya kachitseko kongokwana dzanja. Paipi yotulutsa madzi anaikwirira mosazama m'munsi mwa kapinga, yopanda kutsetsereka kokwanira, moti madzi otsalira ankagona m'menemo. Kutazizira anaundana n'kutseka njira. Usiku wa mvulawo pampu inalira osapuma, ikukankha madzi amene analibe kolowera, mpaka injini inapsa.

M'chipinda chimenecho munkagona mphwanga amene anali atangofika kumene kudzaphunzira, monga zimakhalira m'makomo ambiri a Amalawi kuno, kuti mlendo watsopano amayambira m'basement. Ndiye anatidzutsa, atatsitsa phazi pabedi n'kuponda m'madzi ozizira. Munalinso makatoni a katundu amene amayi a kutchalitchi kwathu ankasonkhanitsa kuti atumize kumudzi: mabulangete, mabuku a ana asukulu, nsapato, zovala za makanda. Makatoni amamwa madzi kuyambira pansi, ndipo a pamwamba amatitimira pamene a pansi afewa. Zimene zinali m'madiramu apulasitiki zinapulumuka, zina zonse zinanyowa. Giza inazima, furnace yotenthetsa nyumba inazima, kunja kukuzizira, ndipo mapulambala onse a mumzinda anali ndi mndandanda wa anthu owadikira. M'masitolo a zipangizo mashelefu a mapampu anali opanda kanthu. Chimene chinandipweteka kwambiri si kapeti ayi, koma kuimirira pamaso pa amayi aja Lamlungu lotsatira n'kuwafotokozera kuti thukuta lawo la miyezi yambiri lathera m'madzi m'nyumba mwanga.

Titaimbira a inshuwalansi ndi pamene tinamva kuti inshuwalansi wamba ya nyumba silipira madzi osefukira kuchokera m'dzenje la pampu kapena obwerera kuchokera m'mapaipi a zonyansa, pokhapokha mutawonjezerapo gawo lapadera lotchedwa water backup. Inshuwalansi ya boma ya madzi osefukira, ya National Flood Insurance Program, ndi ina yosiyana, imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 30 chigulireni, ndipo pa za m'basement imathandiza pa zinthu monga furnace ndi giza koma osati kapeti kapena mipando ndi zovala zimene mwasungamo. Ndimadabwa kuti timakhala pansi maola ambiri kukambirana za chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba, koma palibe amene amauza wogula watsopano kuti afunse funso limodzi limeneli. Pambuyo pake panabwera nkhungu. A EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amanena kuti zinthu zonyowa ziyenera kuumitsidwa mkati mwa maola 24 mpaka 48 kuti nkhungu isamere, ndipo khoma la mabolodi a drywall likamwa madzi palibe kuchitira mwina koma kulidula m'munsi monse ndi kutaya.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akudandaula za phokoso la pampu mtima wanga suupeza. Ndinena mosabisa: munthu amene ali ndi ndalama zoyalira kapeti m'basement, kuikamo sofa ndi TV yaikulu yoonerapo mpira, koma alibe pampu yachiwiri yoyendera batire, wayamba ndi chinthu chomalizira. Mphepo yamkuntho imene imabweretsa mvula yambiri ndi yomweyonso imagwetsa mitengo pa mawaya a magetsi, choncho nthawi imene pampu ikufunika kwambiri ndi nthawi yomweyo imene magetsi angathe kuzima. Ife tinazolowera kuti magetsi akazima timayatsa kandulo n'kudikira, koma kuno kudikira kwa maola awiri kungathe kudzaza chipinda. Pampu ya batire imakhala m'dzenje lomwelo, float yake yokwezedwa pang'ono kuposa ya pampu yaikulu, ndipo imayamba yokha magetsi akazima kapena inzake ikafa. Batire lake limafooka pakatha zaka zitatu kufika zisanu, ndiye lembani tsiku logulira pa batirepo. Palinso mtundu wina umene umayendera mphamvu ya madzi a kumpopi, umene sutha mphamvu ngati batire, koma umagwira ntchito m'nyumba zolandira madzi a mzinda zokha. Amene ali ndi chitsime chawochawo sungawathandize, chifukwa chitsimecho chimadaliranso magetsi. Ndipo ndikanakhala ndi ulamuliro ndikanaletsa kutsekera dzenje la pampu kuseri kwa khoma. Chinthu chimene munthu sachiona sachisamala.

Ndimatsutsananso ndi anzanga amene amati pampu ikakhala yamphamvu kwambiri ndiye kuti vuto latha. Nyumba zambiri zimakwanira ndi pampu ya 1/3 horsepower, imene imachotsa magaloni oposa 30 pa mphindi. Mukaika yaikulu m'dzenje laling'ono imapopa madzi onse m'kanthawi kochepa n'kuzima, kenako n'kuyakanso, ndipo kuyakayaka kumeneko ndi kumene kumapha switch ndi injini. Nzeru yoposa ndi kuchepetsa madzi ofika kudzenjeko. Mvula ya inchi imodzi yogwa pa denga la masikweya fiti 1,000 ndi magaloni oposa 600, ndipo ngati ngalande za m'mphepete mwa denga zadzaza masamba, kapena mapaipi otsika kudenga akuthira madzi patsinde pa khoma, madzi onsewo amalowa pansi n'kukapezeka m'dzenje lanu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo dothi lofewa limene omanga anabwezera m'mbali mwa maziko ndilo khwawa lake. Talikitsani mapaipi a kudenga, ndipo thirani dothi m'mbali mwa nyumba kuti nthaka izitsetserekera kunja, pafupifupi mainchesi 6 pa mafiti 10 oyambirira. Ena amalumikiza paipi ya pampu ku mapaipi a kuchimbudzi kuti asavutike ndi kuundana. Mizinda yambiri imaletsa zimenezo, chifukwa madzi a mvula akadzaza mapaipi a zonyansa, zonyansazo zimabwerera m'mabasement a anthu, kuphatikizapo anu.

Tibwerere ku pampu yanu, Mayi

Pampu yolira kawirikawiri kunja kuli kouma, yomwenso imagunda ikamaima, nthawi zambiri vuto lake ndi check valve. Kameneka ndi kachotsekera kokhala pa paipi yokwera, pamwamba pang'ono pa dzenje, ndipo ntchito yake ndi kulola madzi kukwera koma osabwerera. Tengani tochi, vundukulani dzenje, mudikire pampu ipope mpaka izime, ndipo muyang'anitsitse kumene madzi akuchokera. Akakwera mwadzidzidzi pampu itangozima, ndiye kuti ndi omwe aja anali m'paipi akubwerera, ndipo pampu yanu ikungopopa madzi amodzimodzi usiku wonse. Check valve ndi yotsika mtengo ndipo imagwidwa ndi zomangira ziwiri zomasula ndi sikuludilaiva. Zulani pulagi poyamba, ikani ndowa pansi chifukwa madzi a m'paipi adzakhuthuka, gulani ya saizi yofanana, imene nthawi zambiri ndi inchi imodzi ndi theka, ndipo muonetsetse kuti muvi wojambulidwapo waloza kumwamba. Ilipo ya sipuling'i imene imatseka mwakachetechete, ndipo imeneyo ndiyo idzawagoneka tulo amuna anu. Koma madzi akamalowa pang'onopang'ono kuchokera m'paipi ya m'mbali mwa dzenje, amenewo ndi a m'nthaka. Pitani kunja mukaone pamene paipi ikuthira, chifukwa iyenera kutaya madzi mafiti 10 kapena kuposerapo kuchokera ku khoma, pamalo otsetsereka. Ngati zonsezi zili bwino, ndiye kuti nyumba yanu inamangidwa pamalo a madzi apafupi, ndipo kulirako ndi ntchito imene pampuyo inaikidwira.

Poti mwavundukula kale, yesani zotsalazi. Thirani ndowa ya magaloni asanu m'dzenje muone ngati pampu ikuyaka yokha ndi kuzima yokha, ndipo muzichita zimenezi miyezi ingapo iliyonse, makamaka sinowo asanayambe kusungunuka. Float isakhudze khoma la dzenje kapena kukodwa m'mawaya, chifukwa pampu imasuntha pang'onopang'ono ndi kunjenjemera kwake. Ngati siyaka, onani ngati kabatani ka GFCI pa soketi, kamene kamadula magetsi pakakhala ngozi, sikanadumphe. Mapampu ena ali ndi mapulagi awiri oberekana: mukachotsa wa float n'kulowetsa wa injini yekha pa soketi, pampu ikalira ndiye kuti chafa ndi switch osati injini. Ikamangong'ung'udza osapopa, mwina timiyala tatseka sefa ya kunsi kwake, kapena mpweya watsekeredwa m'kati, ndipo n'chifukwa chake pa paipi, pakati pa pampu ndi check valve, pamayenera kukhala kabowo kakang'ono ka 3/16 ya inchi koloza m'dzenje. Kamodzi pachaka itulutseni, muitsuke ndi kuchotsa matope pansi pa dzenje. Ngati chivundikiro chake n'chomatidwa ndipo pali paipi ina yokwera kudenga, chimenecho n'chotulutsira mpweya woopsa wochokera m'nthaka wotchedwa radon, ndiye muchimatenso bwino mukamaliza.

Funsaninso zaka za pampuyo. Zambiri zimatha pakati pa zaka 7 ndi 10, ndipo imene yakhala ikuyakayaka chonchi yakalamba msanga kuposa zaka zake. Ngati amene anakugulitsani nyumba sakudziwa chaka chimene inaikidwa, isintheni kunja kukadali kouma, pamene mungasankhe modekha ndi kupeza pulambala wosathamanga. Ine ndimakonda zachitsulo zomira m'madzi kusiyana ndi zimene injini yake imakhala pamwamba pa ndodo, chifukwa phokoso lake n'lochepa. Gulaninso kaalamu kolira madzi akakwera, mukweze makatoni onse pa mashelefu, ndipo mawa muimbire a inshuwalansi anu muwafunse ngati muli ndi water backup ndi kuti imalipira mpaka ndalama zingati. Tsiku lina mukadzapeza madzi afika kale pa masoketi kapena pa furnace, musatsikemo ngakhale mutavala jombo, ndipo ngati bokosi lozimitsira magetsi lili m'basement momwemo, imbirani kampani ya magetsi idzazimitse kuchokera kunja.