Yankho: Kodi Kerwa ya ku Franconia ndi mwambo wa tchalitchi kapena phwando la mowa?

Achimwene, mwafunsa ngati Kerwa ndi chikondwerero cha mapemphero kapena mpata womwera mowa basi. Zonse ziwiri zilimo, koma kunena zoona, mowa ndiwo umamveka kwambiri masiku ano. Chiyambi chake ndi kukumbukira tsiku limene tchalitchi cha pamalopo chinapatulidwa, n'chifukwa chake tawuni iliyonse ku Franconia, dera la kumpoto kwa Bavaria m'dziko la Germany, ili ndi tsiku lakelake.

Loweruka anyamata osakwatira amakadula mtengo wautali m'nkhalango, kuusenda makungwa n'kusiya nthambi kunsonga kokha, kuukongoletsa ndi nkhata ndi maliboni, kenako kuuimika pabwalo ndi manja, akuukankha ndi mitengo yomangidwa iwiriiwiri. Usiku amaulondera, poti anyamata a mudzi woyandikana akhoza kudzauwononga, manyazi n'kugwira mudzi wonse. Amaimbanso tinyimbo tachipongwe tonena za anthu a pamudzi.

Gawo limene ine ndimaliona losangalatsa ndi la Lolemba. Anyamata ndi atsikana amavina awiriawiri mozungulira mtengowo akupatsirana maluwa, pomwe wotchi yobisika yaikidwa kuti ilire nthawi yosadziwika. Amene agwira maluwa ikalira amapata nkhosa. Zakudya ndi nyama ya nkhumba yongophedwa kumene, masoseji ndi Küchla, zitumbuwa za ufa wa tirigu zokazinga m'mafuta.

Ku Limmersdorf, m'dera la Thurnau, amavinira pabwalo lamatabwa lomangidwa m'nthambi za mtengo wakale wa linden, chakumapeto kwa Ogasiti. Mu 2014 mwambo wa ku Limmersdorfwu unalembedwa m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko la Germany.