Mwana wanga amaloweza mawu ovuta, koma malikisi sakukwera

Mayi wina watifunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali ku sekondale. Amaloweza mawu ovuta a mu dikishonale n'kumawaponya m'chimangirizo chilichonse, ndipo amadzaza masamba atatu pamene anzake alemba awiri. Malikisi ali pomwepo. Kodi aphunzitsi amafuna chiyani?"

Mayi, musamukalipire mwanayo, chifukwa zimene waona sizabodza. Zimangirizo zopata malikisi ambiri kawirikawiri zimakhaladi zazitali komanso za mawu osiyanasiyana. Kale mu 1966, Ellis Page wa ku America anaonetsa kuti kompyuta ingathe kulosera malikisi a mphunzitsi pongowerengera zinthu monga kutalika kwa chimangirizo, kutalika kwa mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Mu 2010, Danielle McNamara, Scott Crossley ndi Philip McCarthy anaunika zimangirizo za ophunzira a ku yunivesite. Anapeza kuti zabwinozo zinali ndi mawu amene sitiwamva tsiku ndi tsiku, sizinkangobwereza mawu omwewo, ndipo ziganizo zake zinali zolukidwa mozama.

Koma zinthu zimenezi zimabwera chifukwa wolembayo ali ndi zonena. Chimangirizo chake chimatalika poti mfundo iliyonse waipatsa chifukwa ndi chitsanzo, ndipo liwu losowa walisankha poti ndi lokhalo lonena ndendende zimene akuganiza. Mwana wanu watenga chizindikiro n'kusiya mwini wake, ndipo mphunzitsi amene wachonga mapepala mazanamazana amazindikira msanga liwu lobwereka limene laikidwa pamalo posayenera.

Kafukufuku wa 2010 uja anaonetsanso chinthu chimene ndimafuna wophunzira aliyense atachimva: zolumikizira ziganizo sizinasiyanitse zimangirizo zabwino ndi zofooka. Taonani izi:

"Mitengo ndi yofunika kwambiri. Kuwonjezera apo, mitengo ndi yothandiza. Choncho, mosakayika konse, tiyenera kusamala mitengo."

Alumikizi alipo okwanira, koma palibe chimene alumikiza. Ganizo ndi limodzi, lanenedwa katatu. Tsono yerekezani ndi ichi:

"Anthu akadula mitengo ya m'phiri, madzi a mvula amathamanga osalowa pansi, ndipo amakokolola nthaka ya m'minda ya kumunsi."

Mulibe liwu lofuna dikishonale, koma chiganizo chimodzi chanyamula chochitika, chifukwa chake ndi zotsatira zake. Uku ndiye kukhwima kumene Kellogg Hunt anakufotokoza mu 1965 atayerekeza zolemba za ana a misinkhu yosiyana: aang'ono amangolumikiza tiziganizo ndi "ndipo, ndipo", pamene akuluakulu amalowetsa ganizo lina m'kati mwa linzake.

Kunyumba mungamuthandize ngakhale phunzirolo simulidziwa. Asanagwire cholembera, akuuzeni pakamwa, m'chiganizo chimodzi, zimene akufuna kuti wowerenga avomereze. Akalephera, sanafike polemba. Abwerere ku funso, aliwerengenso. Akamaliza kulemba, awerenge mokweza inu mukumvetsera, ndipo pakutha pa ndime iliyonse mumufunse kuti, "Ndime iyi yawonjezera chiyani pa yapitayo?" Ndime yopanda yankho ifufutidwe, ngakhale ikhale yokoma bwanji m'makutu. Zimapweteka, ndikudziwa, koma masamba atatu aja akatsika kufika pa awiri, pamatsala malo oika zitsanzo zenizeni.

Za mawu, asasiye kuphunzira atsopano ayi. Angosintha kowatola. Liwu limene wakumana nalo kangapo m'mabuku ndi m'nyuzipepala amadziwa mawu amene limayenda nawo, zimene mndandanda woloweza sungamuphunzitse. Lamulo ndimapatsa ophunzira ndi lakuti asalembe pa mayeso liwu limene sangathe kulimasulira kwa mng'ono wawo.

Chinanso, mupempheni abweretse chimangirizo chochongedwa, mukaonane ndi aphunzitsi ake muli nacho m'manja. Afunseni kuti malikisi akutayikira pati: pa mfundo, pa kasanjidwe ka ndime, kapena pa galamala ndi masipelo. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mankhwala ake, ndipo ndi bwino ayambe ndi chimodzi chokha teremu ino.