Kodi ntchito yofufuza za zivomerezi ingadyetse munthu ku Malawi?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana wa ku Ntcheu amene ali m'chaka chachitatu cha civil engineering ku MUBAS. Mtima wake uli pa kafukufuku wa mmene nyumba zimagwedezekera pa chivomerezi, koma amalume ake, omwe amamulipirira fizi, akuti zimenezo n'za ku Japan, kuno adzagona nazo ndi njala. Akufunsa ngati apitirize.

Achemwali, pitirizani. Amalumewo tsiku lina mudzatsike nawo msewu wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako mutembenuke muone mapiri amene mwatsikawo. M'munsi mwake mwadutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100, kuchokera kwanu ku Ntcheu kukafika ku Dedza. Uli m'chigwa chachikulu cha East African Rift, momwe mulinso nyanja yathu. Akatswiri amene anauyeza akuti utati wasuntha wonse nthawi imodzi, chivomerezi chake chingapitirire 7 pa sikelo yoyezera kukula kwa zivomerezi. Cha ku Salima cha pa 10 March 1989 chinangodutsa 6 pang'ono, koma chinapha anthu osachepera 9, chinawononga mpaka ku Dedza, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Ku Karonga mu December 2009 nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza, anthu 4 n'kufa. Kumbukirani kuti sikelo ikakwera ndi 1, mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32.

Ntchito yake ndi yotani? Wofufuza miyala amatiuza kumene nthaka ingagwedezeke komanso kukula kwake. Inu funso lanu likuyambira pamenepo: nthaka ikagwedezeka, nyumba ichita chiyani? Nyumba iliyonse ili ndi kagwedezekedwe kakekake, ngati katungwe amene amakwera kwambiri mukamamukankha pa nthawi yake. Ya nsanjika 10 imatenga pafupifupi sekondi imodzi kupita ndi kubwerera. Nthaka ikagwedezeka mofanana ndi nyumbayo, zinthu zimaipa. Ku Mexico City mu 1985, dothi lofewa la pamene kale panali nyanja linkagwedezeka mofanana ndi nyumba zazitali, ndipo zimene zinagwa kwambiri ndi nyumba za nsanjika 6 mpaka 15, zina zazifupi zoyandikana nazo zili chiimire. Masiku anu ambiri adzathera pa masamu, pa kompyuta, ndi mu labu kukankha makoma ndi makina mpaka atang'aluka. A ku Japan, atakhaula ndi chivomerezi cha ku Kobe mu 1995, anamanga E-Defense, thebulo la mamita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi limene amagwedezerapo nyumba yathunthu.

Koma ine chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti vuto lathu si nyumba zosanjikizana. Vuto lathu ndi nyumba ya njerwa zowotcha kapena zidina, yomangira dothi, khoma lopyapyala, yopanda ring beam, ngodya zake zosalumana bwino. Nyumba yotere imamasuka m'ngodya, khoma n'kugwera kunja kapena pa anthu ogona. Mabuku ambiri amene mukuwerenga analembedwa poganizira konkire ndi zitsulo za ku California. Njerwa ya uvuni wa ku Nsipe mulibemo. Kodi ndi yolimba bwanji? Simenti ikachepa mumchenga, khoma limafooka motani? Ndi chiyani chotchipa chimene mmisiri wa kumudzi angawonjezere, nyumba n'kupereka mpata woti banja lithawire panja? Akatswiri a ku University of Bristol pamodzi ndi a ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS yanuyo, anayamba kuyeza makoma omangidwa ndi amisiri athu. Ntchitoyo yangoyambika chabe, ndipo zimandiwawa kuti oigwira Amalawi ndi owerengeka. Boma linatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba chitachitika cha ku Karonga, koma funsani amisiri a pa Mphate kuti anaionapo ndani.

Za njala, amalume sanalakwe kotheratu. Kuno simupeza ntchito yolembedwa kuti ya zivomerezi zokhazokha. Mudzadyera kuphunzitsa ku yunivesite, kujambula mapulani a milatho, madamu ndi masukulu, ndi ndalama za kafukufuku zimene zimabwera apo ndi apo. Ubwino wake, masamu omwewo ndi amene amagwira pa mphepo yosasula madenga ndi pa mlatho wogwedezeka ndi malole, choncho luso lanu silidzakhala pansi kudikira chivomerezi.

Panopa limbikirani structural analysis (kuwerengera mphamvu za zomangamanga), masamu ndi soil mechanics (za kulimba kwa dothi), ndipo phunzirani kulemba mapulogalamu a pa kompyuta ndi Python kapena MATLAB musanamalize. Digiri yachiwiri mwina mudzakaitenga kunja. Ku Pavia, Italy, kuli sukulu yodziwika pa phunziroli, ndipo ku Tsukuba, Japan, amaphunzitsa mainjiniya a mayiko ngati lathu kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena. Pulojekiti ya chaka chomaliza musaikopere pa intaneti. Tengani njerwa za mauvuni angapo a ku Ntcheu, mukaziphwanye mu labu, mulembe manambala. Kenako mukacheze ku Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala, ku Zomba, mukapemphe kuona zimene makina awo oyezera zivomerezi amajambula. Polemba kalata yofunsira sikolashipu, manambala anuwo muwaike patsamba loyamba.