Kodi kosi ya masabata ochepa ingakulowetseni ku fiyeta ya opaleshoni ya msana?

Achemwali ena omwe amasamalira agogo m'nyumba ina ku Randburg, ku Joni kuno ku South Africa, andilembera pa imelo. Akuti aona chilengezo pa Facebook cha kosi ya masabata ochepa yophunzitsa kuika mawaya pa wodwala asanachitidwe opaleshoni ya msana, mawaya amene amathandiza kuona ngati minyewa ikugwirabe ntchito. Ali ndi MSCE yakumudzi, ndalama ya kosiyo ndi malipiro awo a miyezi ingapo, ndipo akufunsa ngati alipire. Pamapeto afunsanso kuti, "Kodi si kungobaya tisingano basi?"

Achemwali, ndalamayo muyambe mwaisunga. Ndikufotokozereni kaye ntchitoyi, chifukwa mukaimvetsa muona nokha kuti masabata ochepa sangakwane.

Dokotala akamawongola msana wopindika wa mwana, kapena akamakonza mafupa amene TB ya msana yawadya, amagwira ntchito pafupi kwambiri ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana. Ukangofinyika kapena kusowa magazi kwa kanthawi, munthu amadzuka miyendo itafa. Kale madokotala ankadalira kumudzutsa wodwalayo opaleshoni ili m'kati n'kumuuza kuti agwedeze zala zakuphazi, njira imene Stagnara ndi anzake ku France anaifotokoza mu 1973. Vuto lake n'lakuti imangokuuzani za mphindi imeneyo yokha. Lero timayang'anira minyewa kuyambira poyamba mpaka potseka bala, ndipo zonse zimene timaona pa sikirini zimachokera pa mawaya amene munthu wina anaika ndi manja ake.

Pali mayeso awiri akuluakulu. Oyamba timawatcha SSEP. Timatumiza kamagetsi kochepa kuseri kwa kakolo, mbali ya m'kati, komanso pamkono pafupi ndi dzanja, kenako timamvetsera kumutu ngati uthengawo wafika ku ubongo. Achiwiri ndi MEP, omwe amayenda mobwerera: magetsi amalowera kumutu, ndipo timaona ngati minofu ya m'dzanja, ya pamsongolo ndi ya kuphazi yayankha. Pa SSEP, mzere wa pa sikirini woonetsa mphamvu ya uthengawo ukatsika ndi theka, kapena uthenga ukachedwa ndi 10 peresenti, timalankhula nthawi yomweyo.

Tsopano taganizani za mutu wa munthu. Malo oika singano sitichita kulota. Timayeza kuchokera pamwamba pa mphuno mpaka kabumphu ka kunkhongo, komanso kuchokera khutu ili kufika khutu linalo, motsatira dongosolo la 10-20 limene Herbert Jasper analilemba mu 1958. Mukaphonya malo pang'ono, mzere umatuluka wofooka, ndipo chinthu chikadzalakwika simudzadziwa ngati vuto ndi msana kapena ndi singano yanu. Pano pali nkhani imene mabuku ambiri saikhudza: tsitsi lathu. Mayi amabwera ataluka meshi yothina, kapena atasokerera wigi, khungu lam'mutu lili noninoni ndi mafuta. Ine ndimakonda kukamuona ku wodi dzulo lake n'kumupempha mwaulemu kuti amasule, asambe m'mutu, asadzole kanthu. Palibe chifukwa chometa munthu mpala. Pocheza pomwepo ndimafunsanso ngati amagwa khunyu, ngati ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena ngati anachitidwapo opaleshoni ya mutu, chifukwa zimenezi gulu lonse liyenera kuzidziwa magetsi asanapite kumutu.

Singano timabaya munthu atagona kale, ndipo nthawi yake imakhala yochepa. Manesi akuika paipi ya mkodzo, dokotala wogonetsa akumanga zake, wa opaleshoni akuyang'ana wotchi. Inuyo muyenera kudziwa mnofu uliwonse pougwira ndi chala, kusiyanitsa waya wakumanzere ndi wakumanja, kumata bwino kuti zisazuke pomutembenuza wodwala chafufumimba, ndi kupatula mawaya anu ku zingwe za magetsi kuti chisokonezo chochokera ku magetsi a m'zingwezo chisadetse mizere. Kusokoneza kumanzere ndi kumanja kungachititse dokotala kuchotsa sikuluwu yabwinobwino mwa zimene waika m'mafupa a msana n'kusiya yolakwika.

Chinthu chimene ndimachiikira mtima kwambiri ndi kansalu kokulunga kamene timaika pakati pa mano a m'mbali. Magetsi a MEP amachititsa nsagwada kuluma mwamphamvu, ndipo lilime likapezeka pakati limang'ambika. Muyenera kuona ndi maso kuti kansaluko kalipo, n'kuonanso wodwala akatembenuzidwa, chifukwa kamasuntha. Opaleshoni ikatha mumawerenga singano zonse pochotsa. Imodzi yotsala pansi pa nsalu ikhoza kubaya nesi, ndipo m'dziko muno momwe HIV ndi matenda a chiwindi zili zofala, si nkhani yoseweretsa.

Ndiye pali mankhwala ogonetsa. Mpweya wogonetsa monga sevoflurane umafooketsa mizere ya MEP, ndipo mankhwala olefula minofu amaizimitsiratu, n'chifukwa chake madokotala ambiri amagwiritsa ntchito propofol ndi remifentanil zodutsira mu dilipi. Magazi akatsika mphamvu kapena thupi likazizira, mizere imasinthanso. Woika mawaya amene sadziwa zimenezi ali ngati mlonda amene sangasiyanitse mphepo ndi wakuba pachitseko: amakuwa pachabe, kapena amakhala chete pamene anayenera kukuwa.

Za sukulu tsono. Kuno ku South Africa ntchitoyi ili m'gulu la clinical technology, nthambi ya neurophysiology (yoyeza kagwiridwe ka ntchito ka ubongo ndi minyewa), ndipo woigwira amalembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Digiri yake ndi ya zaka 4, ndipo imaphunzitsidwa ku Tshwane University of Technology ku Pretoria, ku Central University of Technology ku Bloemfontein, ndi ku Durban University of Technology. Kwa inu a ku Joni, Pretoria ndiye pafupi. Zaka zoyamba ndi za m'kalasi, kuphunzira kapangidwe ka thupi ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Zomalizira mumakhala m'chipatala, kuyamba ndi mayeso a EEG (oyeza magetsi a mu ubongo) ndi a minyewa kwa anthu ali maso, musanafike ku fiyeta. Masamu ndi sayansi amazifuna ndithu. MSCE payokha kawirikawiri sikwana kulowera digiri kuno, choncho mapepala anu ayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe lounika masatifiketi, komanso Matriculation Board, yomwe imaona ngati mukuyenera kulowa kuyunivesite, ndipo mwina mudzafunika kulemba matric kapena A-level. Visa ya sukulu nayonso ndi nkhani ina ya ku Home Affairs.

Ndikudziwa kuti izi n'zolemetsa kwa munthu amene mwezi uliwonse amatumiza ndalama kumudzi. Koma sindikufuna mutaye thukuta lanu pa satifiketi imene chipatala sichidzaiyang'ana n'komwe. Makosi afupiafupi enieni alipo, koma ambiri ndi owonjezera luso kwa anthu olembetsedwa kale. Ndipo musaderere zimene muli nazo. Munthu amene wazolowera kutembenuza gogo osamupweteka phewa, amene amaona msanga khungu likayamba kufiira, ali kale ndi manja ndi maso amene ife timawafuna ku fiyeta.

Musanalipire kalikonse, alembereni eni kosiyo mafunso awiri, ndipo ayankhe molemba: kodi sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, ndipo kodi womaliza kosiyo angalembetse ku HPCSA m'gulu liti? Akakuyankhani, fufuzani nokha ku mabungwe awiriwo. Ngati angokuuzani kuti malo atsala ochepa, mulipire lero, ndalamayo ipititseni ku makalasi a masamu ndi sayansi a madzulo.