Madzi akungodontha ku bafa koma kwa aneba ali bwino

Mayi ena a pa Dedza boma anditumizira imelo. Akuti nyumba yawo inamangidwa m'ma 1970, madzi ku bafa amangotsika ngati ulusi pomwe kwa aneba akutuluka mwamphamvu, ndipo oyamba m'mawa amakhala ofiira. Akufunsa ngati akadandaule ku Central Region Water Board.

Mayi, musanapite kumeneko tengani ndowa ya malita 20. Tungani pampope wapanja woyandikana ndi mita, muone mphindi zake, kenako mukatunge ku bafa. Ikadzaza msanga panja koma n'kuchedwa mkati, vuto lili mbali yanu ya mita, ndipo mbali imeneyo ndi ya mwini nyumba.

Nyumba zambiri za nthawi imeneyo anaziikira mapaipi achitsulo okutidwa ndi zinki, aja apulambala amati GI. Zinkiyo imateteza chitsulo, koma madzi amaidya pang'onopang'ono. Ikatha, dzimbiri limamera mkati timibulu timibulu, ndipo laimu wa m'madzi amakakamira pomwepo, makamaka madziwo akakhala a pansi pa nthaka. Kunja paipi imaoneka yabwinobwino, ena amachita kuipenta. Koma mutadula paipi ya hafu inchi, bowo lomwe linali pafupifupi mamilimita 15 mungapeze kuti ngakhale pensulo sikulowa. Ndipo bowo likachepa ndi theka, malo odutsa madzi amatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamakona ndi m'paipi yochokera ku giza ndimo mumatsekeka msanga. Mapaipi otere akafika zaka 40 kapena 50, ntchito yawo atha.

Wina akati athiremo asidi, mukanizeni. Nthawi zambiri dzimbiri lomwelo ndilo latseka timabowo pachitsulo chodyekacho. Mukalisungunula, khoma liyamba kunyowa. Kugogoda ndi hamala nako kumangothothola zinyalala zokatseka shawa.

Ine ndikuti sinthani. M'nyumba ikani paipi yapulasitiki yotchedwa PPR, imapirira ndi madzi otentha omwe. Pansi pa nthaka, paipi yakuda yapulasitiki. Ndalama zikavuta yambani ndi njira ya ku bafa, bola pulambala asalumikize paipi ya mkuwa ku chitsulo chakalecho mwachindunji, chifukwa pamfundopo pamadyeka msanga.

Pakadali pano madzi oyamba m'mawawo muzikolopera kapena kuthirira maluwa. Musaphikire kapena kupatsa ana, poti zinki yakale inkakhala ndi mtovu pang'ono.