Pulani ya nazale: ana aigwire ndi manja, osangoilemba

Mphunzitsi wina watilembera imelo kuti ana ake a Sitandade 7 akufunitsitsa nazale ya mitengo pasukulu, koma akangoti "tiyeni tilembe pulani", kalasi yonse imayamba kuwodzera. Akufunsa kuti atani.

Aphunzitsi, yambani mwaika makope pambali. Mwana wa zaka 12 kapena 13 samva kutalika kwa masabata 16 olembedwa pabolodi, koma akawayenda ndi phazi amakumva.

Kokani chingwe cha mamita 4 m'mbali mwa khoma, mumangepo mfundo 16, iliyonse sabata imodzi. Mfundo yomaliza ndi tsiku lowokera mbande. Nyengo yobzala mitengo kuno ku Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho Januwale, sukulu zikatsegulira, ndi nthawi yabwino. Gawani ana m'magulu a anthu 6, muwapatse zidutswa za makatoni. Pa chidutswa chilichonse ajambule ntchito imodzi: kukumba ndi kusefa dothi, kusakaniza ndi manyowa, kuthira m'machubu (timatumba ta pulasitiki tofeseramo mbewu), kumanga mpanda ndi mthunzi wa udzu, kufesa, kuthirira, kudula mizu yotulukira pansi pa chubu, kuchepetsa mthunzi kuti mbande zikhwime, kukumba mayenje.

Tsopano azipachika makatoniwo pachingwe kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Apa ndi pagona nkhani yonse. Akayambira kutsogolo amaunjika ntchito zonse pa mfundo ziwiri zoyamba, pakati pa chingwe n'kutsala mbee. Akayambira kumapeto amakakamizika kufunsa kuti, "Kuti izi zitheke, chiyambe n'chiyani?"

Adzalakwitsa ndithu, ndipo musathamangire kuwakonza. Kawirikawiri amapachika kufesa mpanda usanamangidwe. Ingofunsani kuti, "Nanga mbuzi zikabwera Loweruka?" Muwona wina akunyamuka yekha kukasuntha katoni. Katoni amasunthika mosavuta, pomwe mwana akalemba ndi bolopeni amakakamira zomwe walembazo poopa kudetsa kope.

Kuyerekeza nthawi kumawavutanso, ndiye ayese. Gulu limodzi lithire machubu 10, wina akuyang'ana wotchi. Ngati atenga mphindi 15, awerengere okha kuti machubu 240 afuna maola 6 a gulu limodzi, kapena ola limodzi magulu akakhala 6. Ngati mukufuna mbande 200, machubu 40 owonjezerawo ndi olowa m'malo mwa zosamera ndi zofa.

Pomaliza mangani kansalu kofiira pa mfundo za tchuthi cha Khirisimasi. Nazale ya pasukulu ingathe kufera pamenepa: mvula ikadula sabata imodzi, dothi la m'chubu limauma msanga. Mwana aliyense wokhala pafupi ndi sukulu alembe dzina lake pa kachitsekerero ka botolo, akamangirire pa sabata imene adzathirire. Mfundo yofiira ikakhala yopanda kachitsekerero, pulani sinathe, ndipo gulu lisachoke pachingwepo mpaka wothirira apezeke.